Akadzidzi a pa Denga la Mzikiti

Sumurwatu, Pekalongan
4 Julayi 1986

Dik Warsini,

Salamu alaikumu. Ine kuno ndili bwino, kaya iwe ndi mayi anga Simbok mwadzuka bwanji kumeneko? Ndatchula anthu awiri, koma ukudziwa kuti ndikufunsa za atatu.

Tinafika Lachiwiri masana ine ndi mnzanga wa kwathu uja Kang Tarjo, titatopa ngati basiyo tachita kuisenza pamutu. Kuchokera kwathu ku Pacitan mpaka ku Solo Tarjo ankasanza, kuchokera ku Solo mpaka kuno ankadya. Kapitawo wathu ndi Pak Marwoto, bambo wamfupi wa pensulo kukhutu. Sakalipa, koma amangoyang'ana kumwamba ngati mvula ili pafupi, chonsecho tili pakati pa chilimwe. Atandiona anati, "Uyu ndiye Sarmidi amene mumati saopa pamwamba? Kuwonda konseku mphepo siimutenga?" Tarjo anati, "Timamumangirira mwala m'chiuno, Pak." Ntchito ndinaipeza choncho.

Mzikitiwu ndikanakonda ukanauona. Si waukulu kwenikweni, koma denga lake ndi losanjikiza katatu, lililonse laling'ono kuposa la pansi pake, ndipo pansonga pali chisoti chadothi chakuda ndi ukalamba. Lonselo anafolera ndi timatabwa ta mtengo wolimba uja wa jati, ndipo n'timene tabwera kudzasintha chifukwa tambiri taola. M'kati muli nsanamira zinayi zoti ine ndi iwe titagwirana manja mwina n'kuzungulira imodzi. Sanazikumbire pansi, zangokhala pamiyala. Ndafufuza paliponse pamene dzanja lafika, sindinapeze msomali ngakhale umodzi, zonse n'zolowetsana ndi zikhomo zamtengo. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka Tarjo anandiuza kuti nditseke ntchentche zingalowemo.

Tikugona pakhonde la mzikiti. Amayi a m'mudzi muno amatiphikira mosinthana, mpunga katatu pa tsiku, osati chinangwa chathu chija. Tsabola wawo yekha ndiye wozizira. Vuto ndi udzudzu wa kuno kufupi ndi nyanja, ndi waukulu ndipo ulibe ulemu. Anzanga amangouwomba, ine ndimauthamangitsa ndi nsalu. Sindinaiwale zimene Simbok anandiuza ndikukwera basi, atandigwira mkono monga ankachitira ndili mwana: mkazi wako ali ndi pakati, usaphe chamoyo chilichonse mpaka atachira, chimene uchite kwa nyama chidzaoneka pa mwana. Ena amati n'zachikale. Kaya n'zachikale, ine ndakumba kale timanda tiwiri kuseri kwa nyumba yathu, sindikufuna kukumba kachitatu.

Sindinauze munthu aliyense za iwe, monga tinapangana. Madzi usakatunge kumunsi kuja, mlongo wako Giman azikutungira, ali ndi miyendo yongoyendera kwa atsikana. Mbuzi yaikaziyo musagulitse. Ndalama yoyamba nditumiza pa positi kumapeto kwa mwezi.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
22 Ogasiti 1986

Dik Warsini,

Salamu alaikumu. Kalata yako ndinailandira, ndipo ndayamika Mulungu kumva kuti muli bwino nonse komanso kuti wa m'mimbayo wayamba kugunda. Ine ndili bwino, ndanenepa pang'ono, usadzandikane.

Denga la pansi tamaliza mbali zitatu. Timakanganula timatabwa takale, n'kukhoma tatsopano kuyambira m'munsi kukwera, kalikonse kakuphimba mutu wa kanzake. Takaleto sititaya, ngakhale tikanafuna sitikanatha. Tikangoponya pansi amayi amatolera, akuti muli madalitso, amakaika m'nkhokwe ya mpunga. Wina anandipempha kuti ndimusankhire ka pafupi ndi pamene amaima imamu. Ndinamupatsa ka kumbali ya bafa, anapita akusangalala.

Pali gogo wina wosamala mzikiti, Mbah Ngalim. Ndiye amaimba ng'oma yaikulu ya pakhonde yoitanira anthu ku swala, poti mzikiti uno ulibe nsanja ya muazini. Ng'omayo yamugonthetsa makutu, ndiye amalankhula ngati uli tsidya la mtsinje. Akuti mzikitiwu anamanga shehe wina wakale, Kiai Tunggak, zaka mazana anayi zapitazo, mitengo anachita kuiyandamitsa mumtsinje kuchokera kumapiri, iye atakhala pamwamba pake. Manda ake ali kuseri, kumadzulo. Bwana wina wa boma anabwera kudzayeza nsanamira n'kunena kuti mwina zaka mazana awiri ndi theka. Mbah anamufunsa kuti, "Inu munalipo?" Bwanayo anati, "Nanga inu, Mbah?" Anaseka onse awiri n'kugawana ndudu. Mbah akutinso madenga atatuwo ndi makwerero a munthu kupita kwa Mulungu: kugonjera, kukhulupirira, ndi kuchita zabwino ngati ukumuona. Tarjo akuti ndi oti kutentha kuzitulukira m'mipatamo. Ine ndikuona kuti onse akunena zoona, chifukwa masana m'katimo mumazizira bwino. Chipata cha kumanda n'chachifupi, polowa umawerama ufune usafune. Pak Marwoto yekha ndiye amadutsa chilili.

Tsopano imva mmene chinsinsi chathu chinaululikira. Pa Idi ya nsembe anabweretsa njati imodzi ndi mbuzi zingapo pabwalo la mzikiti. Anatiitana amisiri kuti tithandize kugwira. Ine ndinati mimba ikundipota, n'kukakhala kuseri kwa chitsime. Tarjo ananditsatira ali ndi magazi m'manja.

"Midi," akutero, "udzudzu suupha. Dzana ndinakuona ukunyamula chinkhanira pa kathabwa ngati mkwatibwi. Lero mbuzi yakupotetsa mimba. Miyezi ingati?"

Ndinati, "Miyezi ya chiyani, Kang?"

"Iwe, mkazi wanga anandiuza tisananyamuke n'komwe! Mudzi wonse ukudziwa, wotsala ndi iwe wekha."

Ndiye ukuona, Dik, tinkabisa dzungu m'thumba la malaya. Tsopano onse akudziwa, ndipo akaona nyerere pa thabwa amakuwa kuti, "Pang'onopang'ono, apongozi a Sarmidi akudutsa!" Sindikwiya. Nyama ndinadya, poti kudya sanaletse.

Ndatumiza marupiya zikwi makumi atatu. Ugule mpunga, mazira ndi nsalu ya Simbok, zotsala usunge za mwambo wa miyezi isanu ndi iwiri. Kuno shuga wakwera, kaya kumeneko.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
12 Seputembala 1986

Dik Warsini,

Salamu alaikumu. Ndili bwino, ndikhulupirira kuti nanunso muli bwino. Kutupa kwa mapazi kumene wanenako, pita kwa azamba akakuone, usamangomvera za amayi a pachitsime.

Kalata iyi uwerenge wekha, usawawerengere Simbok.

Tili pa denga lapakati tsopano. Lolemba Pak Marwoto anandituma kukwera denga lapamwamba kuti ndikaone mmene mapaso alili. Ndinakwera pa nsanja yathu ya nsungwi, n'kulowa pa kampata ka pansi pa chisoti chija. Kumeneko ukaima umaona minda ya mpunga mpaka kunyanja. Nditazolowera mdima wa m'katimo ndinaona nkhope yoyera ikundiyang'ana pamtanda. Anali kadzidzi, Dik. Anauluka n'kundipepesa ndi phiko kumaso, ndipo pakona panali tiana titatu toyera ngati thonje, tonyansa nkhope, tikundikalipira ngati ndalowa m'nyumba ya eni osaodira. Kamodzi n'kakang'ono kwambiri, mutu sikautha n'kuudzutsa komwe.

Ukudziwa zimene timanena za mbalame imeneyi, kuti ikalira pa denga ndiye kuti ikuitana munthu, makamaka khanda. Ndinanena mawu aja akuti "kutali ndi khanda langa" mpaka ndinafika pansi. Koma ndili pansipo ndinayamba kuganiza. Timatabwa ta pamenepo tiyenera kuchoka tonse. Wochotsa ndi ine, palibe wina amene amafika pamenepo. Tikachoka, tianato tikhala padzuwa, ndipo tikafa, wapha ndani?

Kwa Pak Marwoto ndinangoti mapaso awiri afumbwa, zimene zili zoona. Za enawo sindinanene. Ndinapita kwa Mbah Ngalim kukamunong'oneza, n'kuiwala kuti gogoyu samva zonong'ona. Anakuwa kuti, "Akadzidzi? Akhalamo kuyambira ndili mnyamata! Ukuganiza kuti mphasa za mu mzikiti muno makoswe sazidya chifukwa choopa Mulungu?" Mwayi wake anthu anali atapita kukadya. Ndinamufunsa ngati mbalamezo sizinaitanepo munthu. Anati, "M'mudzi muno anthu amafa chaka chilichonse, mwana wanga, kaya zalira kaya sizinalire. Uli ndi ndudu?"

Denga lapakati litidyera milungu itatu. Mwina pofika nthawi imeneyo tianato tidzakhala titamera mapiko. Sindidziwa kuti kadzidzi amakula masiku angati, sindinaweteko.

Usade nkhawa, ndangokuuza poti ndilibe wina womuuza. Uzidya bwino.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
3 Okutobala 1986

Dik Warsini,

Salamu alaikumu. Moyo ndili nawo, kaya inu kumeneko. Ndamva kuti mwambo mwauika pa 18, ndipempha masiku anayi ndibwere. Kokonati ziwiri za pamwambo zija Giman athyole za mumtengo wa kumpoto, zikhale zanthete, ndipo asazigwetse pansi.

Mapiko a tiana ta kadzidzi tija sanamere. Tamera nthenga zochepa chabe, koma kudya ndiye tikudya, pansi pake pali mafupa a makoswe okhaokha. Lachitatu tinamaliza denga lapakati, Pak Marwoto n'kunena kuti Loweruka tiyambe kukanganula lapamwamba. Ndinalibenso pobisala, ndinamuuza pamaso pa onse.

Kunali phokoso, Dik. Wina anati n'chifukwa chake mwana wa mlongo wake akudwaladwala. Wina anati ndingotenga thumba, kuikamo, kukaponya mumtsinje, nkhani yatha. Pak Marwoto anachotsa pensulo kukhutu n'kunena kuti, "Sarmidi, yang'ana kumadzulo uko. Mitambo yayamba kusonkhana. Mvula ikatipeza denga lili pululu, madzi atsikira pa nsanamira zinayi zija, ndipo zimene zakhala zaka mazanamazana tiziwoletsa ife m'mwezi umodzi. Ukufuna ndikauze anthu a m'mudzi muno kuti tikudikira mbalame?"

Ndinati, "Pak, ine sindingaphe."

Anati, "Ndikudziwa za mkazi wako, inenso ndine bambo. Koma zimenezi sizili m'buku lililonse la chipembedzo. Ngati sungathe, ndiitanitsa munthu wa ku Jepara akwere, iwe upite kwanu ukadikire mwana. Sindikukuthamangitsa, koma amisiri awiri a pamwamba sindingawalipire."

Sananame. Ndinaganiza za azamba, za mbuzi ya mwambo, za ndalama zimene tikuyembekeza pa miyezi yotsalayi. Ndinaganizanso kuti wa ku Jeparayo akaponya tianato mumtsinje chifukwa ine ndachoka, kodi dzanja langa likhala loyera? Tarjo ndiye anandipulumutsa, mwa nthabwala zake zomwezo. Anati, "Pak, munthu akamakonza nyumba, alendi amawasamutsa, sawapha. Midi ndi kalipentala, awamangire ina." Anthu anaseka, Pak Marwoto sanaseke. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uli ndi Loweruka lokha. Lamulungu m'mawa ndikufuna kuona mapaso ali pamtunda."

Lero titatuluka ku swala ya Lachisanu ndakhoma bokosi la timatabwa takale ta padenga pomwepo, kuti fungo likhale lomwe analizolowera. Amayi aja andiyang'ana ndi diso loipa poona madalitso awo akupita kwa kadzidzi. Bokosilo talimangirira mumtengo wa mango wa kumanda, moyang'anana ndi kampata kamene makolo awo amatulukira. Mbah Ngalim akuti Kiai Tunggak sadandaula, wagona ndi phokoso lawo nthawi yaitali.

Mawa m'mawa ndikawatsitsa m'dengu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale mnzakoyo ali ndi nkhope yotere. Undipempherere.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
31 Okutobala 1986

Dik Warsini,

Salamu alaikumu. Ndinafika bwino, ngakhale basi inafera ku Semarang. Ndili bwino. Kaya iwe msana uja?

Mwambo unayenda bwino, uwathokoze onse amene anaphika. Ndikatseka maso ndimakuonabe utakhala pampando, amayi akukuthira madzi a maluwa, iwe ukunjenjemera koma ukuseka. Kokonati ija ndinaidula kamodzi n'kupatuka mokhota, ndiye onse akuti ndi mtsikana. Ine chilichonse, bola alire.

Unandifunsa chifukwa chake ndinali chete masiku atatu onse aja, mpaka Simbok anaganiza kuti ndapeza mkazi wina ku Pekalongan. Uwauze kuti akazi a kuno akandiona amangofuna timatabwa. Kunali kutopa chabe. Unandifunsanso za akadzidzi ndipo ndinati ali bwino. Makolo awo anawapeza m'bokosi muja tsiku lachiwiri. Akudya, akukula, awiriwo.

Denga lapamwamba talikanganula, koma tapeza zambiri kuposa zimene ndinaona. Mtengo wapakati umene umanyamula chisoti waola m'kati monse. Tatsitsa chisoticho ndi zingwe, mudzi wonse utasonkhana, amuna akuwerenga mapemphero. Chili ndi mng'alu, ndiye mayi wina woumba mbiya akuchimata. Mtengo watsopano ukuchokera kutali, ndipo Mbah Ngalim waumirira kuti tidzauimike monga unamerera kunkhalango, tsinde pansi nsonga kumwamba, apo ayi mudzi sugona tulo. Pakali pano tafunditsa pamwambapo ndi lona.

Pali chinthu chimodzi ndikufuna undiuze. Akamagunda, amagunda mbali zonse? Umamva ngati miyendo ndi iwiri? Usandiseke, ungondiyankha.

Ndatumiza zikwi makumi awiri ndi zisanu. Za azamba uziike padera.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
28 Novembala 1986

Dik Warsini,

Salamu alaikumu. Ine ndili bwino. Za inu sindikudziwa, chifukwa mwezi wathunthu wapita popanda kalata yako. Wapositi akamadutsa pa njinga yake amangondipukusira mutu ndisanamufunse n'komwe. Mwina ndi mvula, akuti msewu wa ku Pacitan wagumuka malo awiri. Ndikudziuza choncho.

Kalata iyi ndapatsira Kang Tarjo, akubwera kudzawokera mpunga wake. Ine sindingachoke. Mvula yafika ndithu, ndipo mphepo ikang'amba lona wokwera kukamanga ndi ine. Sabata yatha madzi analowa n'kutsetsereka pa nsanamira ya kumpoto. Pak Marwoto anaipukuta yekha ndi malaya ake, osanena kanthu kwa ine. Kukanakhala bwino akanandikalipira. Tsiku limodzi limene anandipatsa lija silinachedwetse ntchito, koma milungu itatu imene ndinakhala chete osamuuza kuti ayang'anitsitse pamwamba, imeneyo ndikuidziwa ndekha.

Mtengo watsopano unafika Lolemba, tauimika, tsinde pansi. Ndi jati wabwino, ukamusema amatulutsa mafuta m'manja. Tikangopeza masiku ouma tikhoma timatabwa.

Akadzidzi aja anauluka. Ndinawaona madzulo ena atatera pa khoma la kumanda, oyera pamimba, akugwedeza mitu ngati akuluakulu pa mlandu. Ndi okongola, Dik, sindinkadziwa. Mbah Ngalim wandiuza kuti ndisatseke kampata kaja ndikamamaliza, ndipo Pak Marwoto anamva koma anayang'ana kumbali.

Tarjo akubweretsera nsalu ziwiri za kuno, yamaluwa ndi yako, yakuda ndi yoberekera. Zimene angakuuze za ine usazimvere zonse, ukumudziwa pakamwa pake. Ngati sungathe kulemba, Giman alembe, ngakhale mizere iwiri.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
12 Disembala 1986

Dik Warsini,

Alihamudulila! Telegalamu ya Giman yafika lero m'mawa ndili pamwamba. Pak Marwoto ndiye anailandira, n'kuima pabwalo kukuwa kuti, "Sarmidi! Gwira kaye mtengo ndi manja awiri!" Nditagwira anawerenga: wabadwa Lachiwiri, wamkazi, onse ali moyo. Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji. Mbah Ngalim anafuna kuimba ng'oma, anachita kumugwira kuti anthu angaganize kuti nthawi ya swala yakwana. Ndalira pamaso pa amuna anzanga, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Iwe uli bwanji? Unavutika nthawi yaitali? Magazi sanatayike ambiri?

Tsopano ndikuuze chimene chinandisowetsa mawu kumwambo kuja, chifukwa sindingathenso kuchisunga. Tsiku limene ndinkatsitsa akadzidzi, ndinawaika onse atatu m'dengu n'kulikoleka pakhosi. Ndili pakati pa denga lapakati, wamkulu uja anandijompha pa chala, ine n'kudzidzimuka, dengu n'kupendekeka. Kakang'ono kaja kanagwa. Kanagubuduka pa timatabwa mpaka pa denga la pansi. Nditakatola kanali moyo, koma mwendo wakumanzere unali lende, utathyoka. Ndinaumanga ndi kansungwi, ndinkakadyetsa tinsomba ndi dzanja langa, ndinkagona nako pafupi. Kanakhala masiku anayi n'kufa. Ndinakakwirira kuseri kwa khoma la manda.

Mbah anati sindinaphe, kanagwa. Tarjo anati kanali kofa kale, akulu ake ankakalanda chakudya. Koma dengu linali pakhosi panga, Dik. Kuyambira tsiku limenelo ndikatseka maso ndimaona mwendo umenewo. Pamene ndinaika dzanja pamimba pako tsiku la mwambo, ndinkafufuza zimenezo.

Telegalamu ikuti ali moyo, siikunena zina. Giman ndi woumira, mawu amawawerengera mtengo. Chonde umuvule nsalu, umuyang'ane mwendo wakumanzere kuyambira m'chiuno mpaka ku zala, uupinde, uuwongole, undilembere zoona. Kaya uli bwanji ndi mwana wanga, ndidzamubereka kumsana mpaka ndidzafe. Koma ndikufuna kudziwa ndisanafike pakhomo, kuti nkhope yanga isadzakukhumudwitse.

Kwatsala mbali imodzi ndi kubwezeretsa chisoti. Pak Marwoto wati ndikhoza kupita lero lomwe, koma ndamuona mmene wayang'anira kumwamba ponena zimenezo. Nditseka dengali kenako ndibwera.

Mwamuna wako,
Sarmidi


Sumurwatu
19 Disembala 1986

Dik Warsini, mayi wa mwana wanga,

Salamu alaikumu. Ndili bwino, bwino kwambiri. Kang Tarjo wafika dzulo ndi kalata yako, ndiye kuti yanga ya sabata yatha inaphonyana nayo pa njira. Ukailandira usaiwerenge n'komwe, ukolezere moto.

Ndawerenga mzere woyamba kangapo: "Kang Midi, miyendo yonse iwiri ndi yabwino, wakumanzerewo ndi umene akumenya nawo azamba." Ndinakhala pansi pa masitepe a khonde. Nditafika pamene ukuti unadziwa kale za kambalameko, ndisanabwere n'komwe kumwambo, ndinadzuka kukamufuna Tarjo. Ndinamupeza akudya, monga mwa nthawi zonse.

Ndinati, "Kang, si unalumbira kuti suuza munthu?"

Anati, "Sindinauze munthu, ndinalembera mkazi wanga."

Ndiye masiku atatu onse aja iwe unkandiyang'ana ndikuvutika, ukudziwa, n'kumandifunsa dala kuti akadzidzi ali bwanji? Ukuti unkadikira kuti ndinene ndekha, ndipo nditakhala chete unaona kuti ukayambitsa iwe ndidzabwerera ku denga mutu uli pawiri. Chabwino. Koma nawenso wagwidwa. Tarjo wandiuza za Novembala, kuti unagona kuchipatala milungu iwiri magazi akutuluka, n'kuletsa Giman kundilembera kuti ndingaterereke pamwamba. Ine n'kumanamizira msewu wogumuka! Ndakwiya, Dik, ndipo ndidzakukalipira ndikafika, ukadzayamba wapeza mphamvu. Tikupangana pano: zobisirana zatha, tonse sitizitha.

Dzina limene Simbok asankha ndalikonda, Lestari. Tsitsi lake musamumete ndisanafike.

Chisoti tikubwezeretsa Lachisanu likudzali. Anthu a m'mudzi akonza mpunga wachikasu, ndipo Pak Marwoto wati wochikhazika pansonga ndi ine, poti palibenso wina wopepuka. Loweruka m'mawa ndikwera basi. Osabwera kudzandichingamira kumsewu, kuli matope.

Ukuti Giman anamuchitira azana kukhutu, mawu aja oitanira anthu ku swala, atangobadwa. Umuthokoze, anachita bwino. Koma ndikafika ndidzachitanso ndekha, ndipo usandiletse ngakhale anthu aseke kuti mwana wa milungu itatu sachitiridwa kawiri. Masiku ano ndikumakhala ndi Mbah Ngalim masana kuti andikonze mawu, iye wosamva, ine wosatha kuimba, anthu odutsa amangopukusa mitu. Ana athu awiri a kuseri kwa nyumba aja ndinawanyamula m'manja ali chete, sindinapeze khutu loti ndiitaniremo. Uyu andimva.

Mwamuna wako,
Sarmidi